Kwa kwayamasitala wa ku Ngabu amene akufuna kudzatsogolera okestra

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa zaka 22 wa ku Ngabu, amene amatsogolera kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwawo. Anaonera pa foni bambo wina atanyamula kamtengo akutsogolera okestra, gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana, ndiye akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yeniyeni, amaiphunzira kuti, komanso ngati mwana wa m'Chigwa angaifikire. Mzere umene wandikhudza ndi wakuti amalume ake anamuuza kuti kugwedeza manja aliyense angathe, ndi bwino akafunefune ntchito ya nzimbe ku Nchalo.

Achimwene, amalumewo musawakwiyire. Anena zimene maso amaona, ndipo maso amangoona tsiku la chionetsero, pamene ntchito yambiri yatha kale. Chimene chimandiwawa n'chakuti ngakhale makwayamasitala ambiri amaganiza chimodzimodzi: amati ntchito yawo ndi manja, ndiye amathera nthawi pa manjawo, makutu n'kuwasiya.

Tiyambire pa ulimba, chida cha timatabwa chomenya ndi timitengo, poti inu mukuudziwa. Anyamata atatu amakhala pa chida chimodzi, mapewa ali pafupi kugundana, wa ng'oma ali pomwepo. Palibe woima kutsogolo kwawo, ndipo safunika, chifukwa aliyense akumva mnzake nthawi yomweyo. Tsono ikani anthu 80 kapena 100 pa nsanja ya mamita 20 m'lifupi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Munaonapo munthu akudula mtengo kutsidya la Shire: nkhwangwa mumaiona itagwa kale, phokoso n'kumabwera pambuyo. Pa mamita 20 kuchedwako ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 17 a sekondi, ndipo pa nyimbo yothamanga limeneli likhoza kufika theka la notsi imodzi yofulumira. Woimba wa kumapeto akadikira kuti amve anzake a mbali ina, walowa mochedwa. Diso ndilo silichedwa. N'chifukwa chake pamafunika munthu mmodzi amene onse akumuona.

Anthu amenewa ali m'magulu anayi. Kutsogolo kuli a zingwe, ndiwo ochuluka: m'okestra yaikulu mavayolini oyamba amakhala ngati 16, achiwiri 14, ma viola 12, ma cello 10, mabesi akuluakulu oimirira aja 8. Kumbuyo kwawo kuli a zitoliro: flute, oboe, clarinet ndi bassoon, kawirikawiri awiriawiri kapena atatuatatu. Kenako a malipenga: horn, trumpet, trombone ndi tuba. Kumapeto kwenikweni a ng'oma. Asanayambe, wa oboe amaliza notsi ya A, imene imanjenjemera maulendo 440 pa sekondi, ena amakweza pang'ono kufika 442, ndipo onse amachunira pamenepo. Wa vayolini wokhala pampando woyamba kumanzere kwa wotsogolera ndiye nduna yake. Mukasemphana ndi ameneyu, gulu lonse lakutayani.

Buku limene lili patsogolo pa wotsogolera, lotchedwa score, lili ndi mizere ya anthu onsewa pa tsamba limodzi, zitoliro pamwamba, malipenga pakati, zingwe pansi. Tsamba limodzi likhoza kukhala ndi mizere 20 kapena kuposa, ndipo iye amayenera kuiwerenga kuchokera pansi kukwera m'mwamba, n'kumva m'mutu mwake mmene zikumvekera zonse pamodzi, chida chili chonse chisanalire. Ntchito yeniyeni ndi imeneyi. Imachitika munthu ali yekha pa tebulo ndi pensulo, masabata ngakhale miyezi asanakumane ndi oimba.

Apa ndiye ndinene za solofa, ngakhale ena akhumudwe. Solofa, imene John Curwen anaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo inafika kuno ndi amishoni, ndi chuma. Mwana wokulira pa d r m f s l t amakhala ndi khutu labwino kuposa ambiri amene anayambira pa piyano. Koma solofa yokha sikufikitsani pa okestra, ngakhale pa bandi ya malipenga ya anthu khumi. Chifukwa chake n'chakuti zida zina siziliza notsi imene yalembedwa. Trumpet ndi clarinet zofala zija ndi za B flat: mukazilembera C, zimatulutsa B flat, kutsika ndi sitepe imodzi. Horn ndi ya F. Alto saxophone ndi ya E flat. Tsono kwaya yanu ikamaimba mu kiyi ya F, wa trumpet mumulembere mu G, wa alto saxophone mu D, wa horn mu C. Mukawapatsa onse pepala limodzi lolembedwa kuti do ndi F, mudzamva phokoso loti simungalipirire, ndipo oimbawo adzakhala osalakwa, wolakwa ndinu. Viola nayo ili ndi chizindikiro chakechake kumayambiriro kwa mzere, chimene chimaika C wapakati pa mzere wachitatu. Zonsezi zimafuna kuwerenga manotsi a pa mizere isanu, sitafu. Palibe njira yolambalala.

Ndipo kabatani ka transpose ka pa kiyibodi kawononga anyamata athu ambiri. Mnyamata amaphunzira kiyi imodzi, C kapena F sharp, nyimbo iliyonse n'kumangodina kabatani. Amaimba zaka khumi osadziwa kuti kiyi ya A flat ili ndi ma flat anayi. Ngati mukufunadi ntchito imene mwafunsayi, kabatani kameneka mukaiwale kuyambira lero, muphunzire makiyi onse 12 ndi zala zanu.

Za manja ndi zochepa, moti mukhoza kuziphunzira mwezi umodzi. Nyimbo ya mabiti anayi: dzanja lamanja limatsika pa 1, limapita kumanzere pa 2, kumanja pa 3, n'kukwera pa 4. Ya mabiti atatu: pansi, kumanja, m'mwamba. Ya awiri: pansi, m'mwamba. Ya 6/8 ikakhala yothamanga mumaimenya kawiri, osati kasanu n'kamodzi. Biti iliyonse igunde pa msinkhu umodzi, cha pakati pa mchombo ndi chifuwa, ngati pali tebulo losaoneka limene nsonga ya zala ikugundapo n'kudumpha. Pofewa biti ichepe, mwina kuyenda kwa mkono kungofika masentimita asanu, pokweza ikule. Kamtengo kaja kamatalika masentimita 30 mpaka 40, ndipo kansungwi kosalazidwa bwino kamagwira ntchito yomweyo. Pa kwaya sikafunika n'komwe.

Chovuta ndi biti imene simveka, ya nyimbo isanayambe. Nyimbo ikamayamba pa 1, inu mumapereka 4, dzanja likukwera, mukupuma mpweya pamodzi ndi oimba. Ikamayamba pa 4, mumapereka 3. Biti imodzi yomweyo iyenera kunena zinthu zitatu: liwiro, kukula kwa mawu ndi mtima wa nyimboyo. Taonani zimene zimachitika m'makwaya ambiri Lamlungu: kwayamasitala wakweza dzanja, lafika pamwamba, n'kuima pang'ono akuyang'ana ngati onse akonzeka. Asopulano apuma kale ndipo mpweya wawakanirira pakhosi, abesi sanapume, wa kiyibodi wangoyamba yekha. Dzanja likamatsika, anthu alowa katatu. Kenako iye amakalipira kwaya kuti simvera, chikhalirecho anaisokoneza ndi kuima kwa dzanja lake kuja. Onani kaye ngati akonzeka dzanja lisananyamuke, likanyamuka lisaimenso. Ngakhale akatswiri amachita thukuta ndi chiyambi cha simfoni (nyimbo yaitali ya okestra) yachisanu ya Beethoven, chifukwa imayamba ndi kakupuma ka theka la biti, manotsi atatu ofulumira n'kutsatira, ndipo dzanja likakayika pang'ono anthu 60 amalowa mosiyana.

Zizolowezi ziwiri muzisiye. Choyamba ndi dzanja lamanzere kumangotsanzira lamanja ngati galasi. Lamanzere lili ndi ntchito yake: kulowetsa gulu, kukweza, kutsitsa, kudula. Likakhala lopanda chonena lipume pamimba, kuti likanyamuka oimba adziwe kuti pali nkhani. Chachiwiri ndi kuponda phazi pansi ndi kuimba nawo mokweza. Ku France kale ankamenya ndodo yaitali pansi, mpaka Jean-Baptiste Lully anadzibaya nayo kuphazi, bala linanyeka, n'kumwalira mu 1687. Koma chifukwa chachikulu chosiyira n'chakuti munthu amene akuimba yekha mokweza samva anzake. Mukamaimba ndi asopulano, atenala akhoza kuphonya mzere wonse inu osadziwa.

Pa pulakatisi ndi pamene wotsogolera weniweni amadziwikira. Wotsogolera woitanidwa ku okestra ya akatswiri amapatsidwa mapulakatisi atatu kapena anayi okha, lililonse la maola awiri ndi theka, kenako chionetsero. Oimbawo ena anaimba nyimboyo kambirimbiri iye asanabadwe, ndipo pa mphindi khumi zoyamba amakhala atadziwa ngati munthuyu akumva kapena akungoyerekeza. Lamulo lake ndi lomwelo ngakhale pa kwaya ya ku Ngabu: musaimitse nyimbo ngati simungathe kunena kuti walakwa ndani, pati, ndipo akonze bwanji. Mawu akuti "tibwereze, sizinamveke bwino" sathandiza aliyense. Nenani kuti: "Aalito, mzere wachiwiri, pa fa kutsikira pa mi, mukutsika kwambiri, imbani nokha." Abwereze kawiri, muwaphatikize ndi abesi, kenako onse. Zikatheka auzeni kuti zatheka, mupitirire. Pa maola awiri, mphindi khumi zikhale zotenthetsa mawu, gawo lovuta kwambiri libwere pamenepo mitu isanatope, nyimbo yodziwika kale ikhale yotsekera. Kuyamba nyimbo pachiyambi nthawi zonse ndi kumene kumachititsa kuti makwaya athu aziimba bwino ndime yoyamba, kumapeto n'kumagwa.

Kwaya ikamatsika kiyi pang'onopang'ono, moti pofika ndime yachitatu yasiyana ndi kiyibodi, zifukwa zake zimadziwika. Masitepe aang'ono otsika, do kupita ti ndi fa kupita mi, anthu amawatambasula. Masitepe okwera amawafupikitsa. Mpweya ukatha notsi yaitali isanathe, mawu amagwa. Kiyi ikaika asopulano nthawi yaitali pamalo pamene mawu awo amasinthira, cha pa E ndi F wapamwamba, amatopa n'kutsika. Nthawi zina kukweza nyimbo yonse ndi theka la sitepe kumathetsa vutolo tsiku lomwelo.

Ndiye pali kutentha kwathu kuno. Mabuku a kunja sanena za tchalitchi cha malata ku Bangula mwezi wa Okutobala, kunja kutapitirira madigiri 40. Mpweya wa m'lipenga ukatentha, notsi imakwera. Zingwe za vayolini ndi gitala zikatentha zimafutukuka, notsi imatsika. Kiyibodi siisuntha. Choncho zida zimene munachuna bwinobwino 8 koloko m'mawa, pofika 11 koloko zapatukana patatu. Wa lipenga atulutse pang'ono kapaipi kochunira, wa zingwe achunenso pakati pa mapemphero, ndipo inu muyembekezere zimenezi m'malo modabwa nazo. Vayolini imamatidwa ndi guluu amene amafewa ndi kutentha. Mukaisiya m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi denga, matabwa amatseguka m'mbali. Mafuta a mavavu a lipenga amauma msanga, ndipo fumbi likalowa vavu imakakamira. Mafuta ophikira musaikemo, amamata. Pulakatisi ikhale m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, ndi ndowa ya madzi akumwa pakhomo. Mapepala a nyimbo asungidwe m'chidebe cha pulasitiki chotseka, pamwamba, osati m'katoni pansi pa guwa. Chiswe chimadya, ndipo madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anatiphunzitsa kufika kumene madzi amafika. Tsamba lililonse mulijambule pa foni.

Chinanso chimene buku la kunja silingakuuzeni ndi chilankhulo. Mawu a Chichewa amalemera pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto: chiKOndi, mteNDEre. Nyimbo zambiri zomasuliridwa zimaika biti yamphamvu pa silabo yolakwika, ndipo wotsogolera wabwino amafewetsa biti imeneyo kuti mawu amveke ngati mmene munthu amalankhulira. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o, u, choncho podula palibe lembo lolimba lotsekera. Dzanja likapanda kudula moonekera, mawu amatha ngati mchira, wina pano wina apo. Ndipo kwaya ya ku Nsanje ikamaimba Chisena, ma pf ndi ma bv aja onse awatchule mofanana, chifukwa kusiyana katchulidwe kumamveka ngati kusiyana nthawi.

Wotsogolera ndi mkulu wa nyimbo

Awa ndi maudindo awiri ngakhale amakhala pa munthu mmodzi. Wotsogolera ndi aliyense woima kutsogolo tsiku limenelo. Mkulu wa nyimbo, music director, ndiye mwini khomo pa nkhani za luso: amasankha nyimbo za chaka chonse, amakhala nawo poyesa oimba ofuna ntchito, amasankha alendo oti adzatsogolere iye kulibe, amakumana ndi bodi komanso anthu opereka ndalama. Amasaina mgwirizano wa zaka zingapo, ndipo pa chaka amatsogolera gulu lakelo masabata khumi ndi angapo, nthawi yotsalayo ali mlendo kwina. Inu pa kwaya yanu mukugwira kale maudindo onse awiri, pamene mukusankha nyimbo za Pasaka, kukambirana ndi akuluampingo za yunifomu, ndi kuuza mayi wina mwaulemu kuti mawu ake ndi a alito.

Njira zofikirako n'zodziwika. Pafupifupi onse amayamba ndi chida. Arturo Toscanini anali woimba cello wa zaka 19 pamene anamukweza mwadzidzidzi kutsogolera opera (sewero loimba) ya Aida ku Rio de Janeiro mu 1886, ndipo anaitsogolera pamtima. Ku Germany ambiri amayamba ngati oimba piyano ophunzitsa oimba m'nyumba za opera za m'matauni ang'onoang'ono. Herbert von Karajan anayambira ku Ulm mu 1929, zaka zambiri asanafike ku Berlin. Ena amakhala othandizira, ntchito yawo kukhala m'holo ndi score pamiyendo, kuphunzira nyimbo iliyonse ngati adzaitsogolera, mwina chaka n'kutha osaitanidwa. Leonard Bernstein anali wothandizira wa zaka 25 ku New York Philharmonic pamene Bruno Walter anadwala pa 14 Novembala 1943. Anatsogolera popanda pulakatisi, wailesi ikuulutsa dziko lonse la America. Anthu amaitcha mwayi nkhani imeneyi, koma mwayiwo unapeza munthu amene anali atawerenga kale score. Palinso mipikisano: Seiji Ozawa anapambana ku Besançon mu 1959, Gustavo Dudamel ku Bamberg mu 2004. Dudamel anakulira mu El Sistema, ndondomeko yophunzitsa ana nyimbo imene José Antonio Abreu anayambitsa ku Venezuela mu 1975, ndipo mu 2009 anakhala mkulu wa nyimbo ku Los Angeles. Simon Rattle anakhala ndi okestra ya ku Birmingham zaka 18, kuyambira 1980 mpaka 1998, asanapite ku Berlin mu 2002. Zaka 18 ndi gulu limodzi, achimwene.

Koma munthu amene ndikufuna mumudziwe kwambiri ndi Armand Diangienda wa ku Kinshasa. Anali woyendetsa ndege, ntchito inatha, ndipo mu 1994 anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste ndi anthu a mumpingo mwawo. Ambiri sankadziwa kuwerenga manotsi. Mavayolini anali ochepa moti ankabwerekana, zingwe zikaduka ankaikamo waya wa mabuleki a njinga, zida zina anasema okha. Gulu limeneli linafika poimba simfoni yachisanu n'chinayi ya Beethoven ndi kwaya yake. Iye sanadikire kuti wina amupatse okestra.

Zoona zake n'zakuti kuno ku Malawi kulibe okestra ya simfoni yolemba oimba ntchito ya mwezi ndi mwezi ngati za ku Cape Town ndi Durban. Amene amadya za kutsogolera nyimbo kuno ndi a mabandi a polisi ndi asilikali, aphunzitsi a nyimbo, ndi ena amene amaphatikiza kwaya, kukonza nyimbo za ena, situdiyo ndi maukwati. Kamtengo kokha sikakudyetsani msanga, ndiye ntchito ya ku Nchalo ija ikapezeka musaikane. Diangienda naye oimba ake ankabwera ku pulakatisi ataweruka kwina. Chimene ndikukanitsitsa ndi maganizo oti kwaya ndi chinthu chongodikirirapo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Woimba vayolini amayeserera yekha m'chipinda, koma wotsogolera chida chake ndi anthu, ndipo ophunzira ambiri a m'masukulu a nyimbo a ku Ulaya amalimbirana mphindi zochepa zoima pamaso pa gulu lamoyo. Inu muli ndi anthu 30 kawiri pa sabata.

Poyambira

Chaka chino phunzirani sitafu ndi kiyibodi, mphindi 45 tsiku lililonse, mpaka muziimba mizere inayi ya nyimbo ya m'buku la tchalitchi mukuwerenga. Tengani nyimbo zisanu za solofa muzilembe pa sitafu ndi dzanja, kenako muzilowetse mu MuseScore, pulogalamu yaulere, mumve ngati mwalondola. Mabuku a maphunziro a ABRSM, bungwe la mayeso a nyimbo la ku Britain, amayambira giredi 1 mpaka 8. Lingani kufika giredi 5 ya theory, maphunziro a kuwerenga ndi kulemba nyimbo. Ma score akale ali aulere pa tsamba la intaneti la IMSLP: yambani ndi a zida zinayi za zingwe a Haydn, amene ali ngati kwaya ya mawu anayi, kenako simfoni ya Mozart, mukumvetsera chala chili pa mzere umodzi, mawa mzere wina. Pezani bandi ya malipenga, ya Salvation Army kapena ina iliyonse yoyandikira, muphunzire lipenga limodzi ndipo mukhale pansi pa wotsogolera wina chaka chathunthu. Ngati MSCE yanu ili bwino, funsani za maphunziro a nyimbo ku University of Malawi ku Zomba, kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe. Digiri yoyamba ndi imene imatsegula khomo la kukaphunzira utsogoleri wa okestra ku South Africa kapena kutali.

Masukulu amenewo adzafuna kanema woonetsa nkhope ndi manja anu mukutsogolera. Ndiye Loweruka likubwerali ikani foni pa mpando kumbuyo kwa abesi, iyang'ane inu, ijambule pulakatisi yonse. Madzulo muionere mutatseka mawu, muone ngati mungadziwe liwiro la nyimbo ndi polowera gulu lililonse pongoyang'ana dzanja lanu. Kenako mutsegule mawu, muwerenge mphindi zimene munalankhula ndi mphindi zimene kwaya inaimba. Zolankhula zikaposa gawo limodzi mwa magawo anayi, sabata yotsatira muzichepetse.